Mashoko Ofewa

Yoswa anafika pagalaja ya Obadiya akukankha njinga yamoto, thukuta lili kamukamu ngakhale dzuwa linali lisanakwere kwenikweni. Anaiimika pansi pa mtengo wa bulugama, pomwe dothi linada kalekale ndi oyilo, nakhala pa tayala lakutha osadikira kuti amulonjere.

"Alamu, njinga amachita kukwera, sakankha ngati wilibala," anatero Obadiya, atawerama pa injini ya munthu wina. Obadiya anali msuweni wa Faines, mkazi wa Yoswa, ndipo mwa chisuweni ankamutcha Faines mkazi wake. "Nanga mkazi wanga munandilanda uja wadzuka bwanji?"

"Adzukako," anayankha Yoswa. "Buleki yakutsogolo yasiya kugwira. Dzulo pochokera kuchipatala, pamatsitso a kwa Msakambewa paja, ndinatsala pang'ono kuwagwetsera m'ngalande. Mundikonzere buleki yokhayo. Mashoko musakhudze."

Obadiya anadzutsa mutu. Pa zaka zonse zimene anakhala akukonza njinga pamsika wa pa Dowa, anali asanamvepo munthu akuikira kumbuyo mashoko ngati mwana wamasiye.

Njingayo Yoswa anaigula kwa mlangizi wa zaulimi amene ankasamukira ku Mchinji. Inali itatopa kale, utoto utasupuka, nambala ikulendewera ndi waya. Wogulitsayo anakankha zogwirira pansi, mutu wa njinga n'kumira, ndipo anati, "Mwaona? Kutsogoloku n'kofewa ngati matiresi." Mawu amenewa ndi amene anamugwira mtima Yoswa, pakuti nthawi imeneyo n'kuti Faines atayamba kudandaula msana ndi m'chiuno, ndipo pakapita milungu iwiri iliyonse ankayenera kupita naye kuchipatala kukatenga mankhwala.

M'mawa uliwonse Yoswa ankapeza oyilo atayenderera pa mashoko, mapaipi awiri onyezimira a kutsogolo aja, atatsika mpaka kutayala. Ankapukuta ndi kansanza, kenako n'kukankha zogwirira pansi. Mlungu uliwonse mutu wa njinga unkamira mosavuta kuposa mlungu wapitawo, ndipo iye ankakondwa. Anyamata a kabaza akamuuza kuti, "Madala, njinga yanu ikulira," iye ankayankha kuti, "Isiyeni ilire, bola mayi asalire." Ndipo zoonadi, pa maulendo onsewo Faines sanabuulepo ngakhale kamodzi. Ankangokhala chete kumbuyo, atafunda chitenje chake cha maluwa achikasu mpaka kukamwa.

Panali chinthu china chimene Yoswa ankapukutanso tsiku ndi tsiku kuti chisaoneke. Mwezi wa Ogasiti dokotala anamuitanira pakhonde la chipatala, monga amachitira ndi wodwazika, namuuza motsitsa mawu kuti matendawo ndi khansa, kuti yafika kale m'mafupa, ndipo chotsala n'kupha ululu basi. "Sindikudziwa ngati adzadye mondokwa chaka chino," anatero dokotalayo. Yoswa anakalowa muwodi akumwetulira, n'kuuza mkazi wake kuti akuti ndi zilonda za m'mimba zimene zikukoka mitsempha ya msana. Bodza limeneli analinena kamodzi, koma kulisamala kwake kunali kwa tsiku lililonse, ngati mbuzi ya eni.

Chiyambire pamenepo Faines anali ndi pempho limodzi lokha: ankafuna kupita kwawo ku Ntchisi, kuseri kwa mapiri, kukaona amayi ake okalamba. Yoswa ankangoti, "Mukachira tipita." Ankadziwa chimene anthu amatanthauza akatenga mkazi wodwala kupita naye kwa eni mbumba, ndipo ankaopa kuti Faines akangoona msewu wa kwawo, adzawerenga zonse pankhope pake. Koma tsopano chizimalupsa chinali chitagwa kale. Mvula ikangoyamba yeniyeni, msewu wodutsa kwa Nachisaka umasanduka phala, moti munthu sungayendepo ndi wodwala mpaka mwezi wa Epulo. Yoswa ankadziwa zimenezi bwino lomwe, ndipo mantha ndi amene ankamuchedwetsa.

Obadiya anagwada pafupi ndi tayala lakutsogolo, nayendetsa chala pa paipi, n'kuchinunkhiza.

"Buleki yanuyi sinafe, alamu. Yaledzera. Oyilo akuchucha kuchokera m'mashokomu, ndiye iyo ikungomwa. Ndikaitsuka lero, pofika Loweruka ikhala italedzeranso. Masili otsekera oyilo atha. Tiyenera kutsegula."

"Mukatsegula muika oyilo wina, ndiye ilimba."

"Eya, ndiye ntchito yake."

"Ndiye ayi. Msuweni wanu msana wawo sufuna zolimba. Ine ndadikira miyezi itatu kuti mashokowa afike pofewa chonchi."

Obadiya anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. Anapukuta manja ku ovolosi yake, nakwera njingayo kutsogolo, n'kuiliza.

"Khalani kumbuyoku."

"Ine?"

"Chigulireni njingayi munayamba mwakhalako kumbuyo?"

Yoswa anaganiza, napeza kuti anali asanakhaleko. Anakwera monyinyirika, miyendo yake yaitali ikusowa poponda. Obadiya anazungulira kuseri kwa msika, kumene madzi a mvula anadula tingalande ting'onoting'ono panjira yopita kuchigayo. Sankathamanga n'komwe. Ankayenda liwiro lomwe Yoswa ankayenda nalo akanyamula wodwala.

Pa kangalande koyamba mutu wa njinga unamira mpaka kumapeto, chitsulo n'kugunda chitsulo chinzake, kho! Kugundako kunalowera pampando, kunakwera ndi msana mpaka m'mano. Yoswa anagunditsa chibwano paphewa la Obadiya. Asanapume bwino, njingayo inadumpha ngati mbuzi yomasulidwa kumene, n'kumiranso pa kangalande kachiwiri. Pa kachitatu anadziluma lilime, namva kukoma kwa magazi m'kamwa.

"Woyendetsa amaliona dzenje likubwera," anatero Obadiya ataima. "Amakunga mikono, amadzuka pang'ono pampando, iye mwini osadziwa n'komwe. Wakumbuyo amangoona msana wa mnzake. Chimene mukuti kufewachi, alamu, ndi kupanda kanthu m'kati."

Yoswa anatsika, nagwira mpando kuti asagwe. Sikuti msana unkamuwawa kwambiri ayi. Anali atakumbukira makoswe.

Kuyambira pamene Faines anafooka, zochapa zonse ankachapa Yoswa yekha, m'mamawa anthu asanayambe kudutsa, kuopa pakamwa pa akazi a pamjigo. Ndipo kwa milungu ingapo ankapeza timabowo pangodya ya chitenje cha maluwa achikasu chija. Anatukwana makoswe, anagula msampha, anaikapo mtedza wokazinga, koma msamphawo unangogwira buluzi mmodzi wosalakwa. Faines ankangomuyang'ana akutchera, osanena kanthu. Tsopano, ali chiimire kuseri kwa msika, magazi ali m'kamwa, Yoswa anadzifunsa kuti ndi khoswe wanji amene amasiya zovala zonse m'nyumba n'kumadya ngodya imodzi ya chitenje chimodzi. Anakumbukiranso kuti akafika kuchipatala ngodya imeneyo inkakhala yonyowa, ndipo iye ankayesa thukuta.

Manyazi ndi chisoni zinamugwira nthawi imodzi, moti anakhala pansi padothi pomwepo, bambo wamkulu wa imvi, mkulu wa mpingo.

"Tsegulani," anatero Yoswa.

Obadiya anakweza mutu wa njinga pa chitsa, nachotsa tayala, n'kusolola mashoko onse awiri. Anamasula chivindikiro cha loyamba, natulutsa sipuling'i, n'kulizondotsa pa chigubu chodula. Munatuluka timadzi takuda tosakwana masupuni atatu, tonunkha ngati madzi otsukira nsomba agonera. La kumanja analigwedeza, analimenya ndi chikhatho, koma munangogwa kadontho kamodzi ka matope.

"Sipuling'i payokha ndi chitsiru," anatero Obadiya akutsuka zitsulozo ndi palafini. "Ukaikankha imathawa mpaka ikagunde khoma, ukaisiya imabwerera ngati yaona njoka. Oyilo ndi amene amaiuza kuti pang'onopang'ono. Inu mwakhala mukupukuta nzeru zake m'mawa uliwonse."

Yoswa sanaseke, ndipo Obadiya anachotsa masili akale, amene anali atauma n'kung'aluka ngati zidendene za m'chilimwe, naika atsopano, akuwakhomera ndi chidutswa cha paipi yapulasitiki kuti asawapweteke. Masipuling'i anawayeza ndi chingwe, napeza kuti afupika ndi ukalamba, ndiye anadula tizidutswa tiwiri ta paipi yachitsulo, kutalika ngati mfundo ya chala chachikulu, kuti aike pamwamba pake. Kenako anatulutsa m'bokosi lake botolo loyamwitsira mwana, la mizeremizere m'mbali.

"La mdzukulu wanga ili. Iye anasiya kuyamwa, koma njinga sizisiya." Anathiramo oyilo wofiira mpaka pamzere, nakweza botololo kudzuwa kuti aone bwino. "Konse kuwiri muyeso ukhale umodzi. Kwina kukachuluka, njinga imayenda chammbali ngati nkhanu."

Anathira oyiloyo pang'onopang'ono, n'kuyamba kupopa paipi, kukweza ndi kutsitsa, kuti mpweya utuluke. Poyamba munkamveka kufwenthera, kenako phokosolo linatha, paipi n'kumatsika mwaulemu. Ali mkati mopopa lachiwiri, osayang'ana mlamu wake, anafunsa ndi mawu ena, opanda chisuweni.

"Alamu, Faines akudwala chiyani kwenikweni?"

Yoswa anayang'ana chigubu cha timadzi takuda tija. Mawuwo anali asanawatulutsepo pakamwa pake, ngakhale popemphera. "Khansa," anatero. "Yafika m'mafupa."

Obadiya anatenga sipanala, namanga nati imene anali atamanga kale. "Azakhali ku Ntchisi akudziwa?"

"Ayi."

"Mwana wanu Sharon ku Lilongwe?"

"Mwanayo ndinamuuza za zilonda za m'mimba."

"Nanga mwini wake?"

Yoswa anapukusa mutu. Ankayembekeza kuti mlamu wake amukalipira, ndipo mwina zikanamupepukira akanatero. Koma Obadiya anabwezera tayala, natsuka buleki, nayesa kukankha zogwirira. Mutu wa njinga unatsika theka, n'kubwerera mwakachetechete, osadumpha. Kenako analoza ndi sipanala kumpoto, kumene mitambo inaunjikana pamwamba pa mapiri a Ntchisi.

"Iyo mukuiona," anatero, nabwerera ku injini ya munthu wina ija. Yoswa anaona kuti wawerama kwambiri kuposa mmene ntchitoyo inkafunira.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Faines anali pamphasa pakhonde, atatsamira pilo kukhoma, akusankha mbewu ya mtedza m'lichero. Mikono yake inali itaonda moti chibangiri cha mkuwa chimene anamugulira ali pachibwenzi chinkatsetsereka mpaka m'chigongono.

"Mwachedwatu, abambo a Sharon. Msuweni wanga uja amakudyetsani nkhani?"

Yoswa anapita pachingwe kuseri kwa nyumba, nayanula chitenje cha maluwa achikasu, nadzakhala pamphasa pafupi ndi mkazi wake. Anatambasula ngodya ija pabondo pake. Timabowoto tinali titandandalika mozungulira, monga amachitira mano a munthu pa chinangwa chachiwisi.

"Amake Sharon, makoswe aja ndawapeza."

Faines anayang'ana chitenjecho, kenako mwamuna wake, ndipo anamwetulira pang'ono ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. "Buluzi uja anafera za eni," anatero.

"Bwanji simunanene?"

"Munkakondwa nayo njinga yanu. M'mawa uliwonse kuikankha, kundiitana kuti ndidzaone mmene yafewera. Ndikanati chiyani?"

"Miyezi itatu ndakhala ndikukupwetekani."

"Mwakhala mukundinyamula."

Yoswa anafuna kupepesa, koma anadziwa kuti pepani sapoletsa chilonda, ndipo panali chilonda china chachikulu chimene anali asanachivundukule. Anapuma kawiri. Nkhuku inabwera kudzajompha mtedza m'lichero, ndipo palibe anaiingitsa.

"Pali chinanso. Za zilonda za m'mimba zija. Dokotala sanatero."

"Ndikudziwa."

Anatero mosavuta, akutola kamtedza kofwifwa n'kukaponya pabwalo. 

"Abambo a Sharon, zaka makumi awiri ndakhala m'Chigwirizano cha amayi a mpingo, tikuyendera odwala m'midzi yonseyi. Mayi Luckness aja a kutsidya ndinkawamwetsa ndine mankhwala, mpaka tsiku lomaliza. Botolo limene mumanditengera kuchipatala lija ndinalizindikira tsiku loyamba. Mankhwala a zilonda za m'mimba sakhala otero."

"Ndiye munangondisiya ndikunama?"

"Ndinkati mukadziwa kuti ndikudziwa, mugwa. Ndiye adzandinyamula ndani?"

Apa Yoswa analira. Analira monga amalirira amuna amene sanazolowere, mapewa okha akugwedezeka, nkhope ataibisa m'chitenje chobookacho. Faines anamusiya alire. Anaika dzanja lake lopepuka pamsana pake, nayang'ana kumapiri.

"Kwathu ndidzapitabe, mufune musafune," anatero Faines pambuyo pake. "Abale anga sangalole kuti ndigone kuno, mwambo mukuudziwa. Koma ndikufuna ndipite ndili chikhalire, osati chogona pa lole anthu akuimba. Ndikufuna amayi andione ndikulowa pakhomo, andifunse kuti wayenda bwanji, ine ndiyankhe ndekha. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka."

"Mvula ili pafupi."

"N'chifukwa chake ndimakuumirizani."

Madzulo omwewo Yoswa anaimbira foni Sharon, namuuza zoona, ndipo anagwirizana kuti akakumane ku Ntchisi. Tsiku lotsatira anasiya makiyi a nyumba ndi mbewu ya mtedza kwa mng'ono wake. Atafunsa Faines kuti alongedze zovala ziti, iye analoza pansi pa bedi. Kunali chikwama chotseka kale, fumbi litayamba kugwira pamwamba. Yoswa anachitsegula kuti aikemo botolo la mankhwala, napeza pamwamba penipeni pali yunifolomu ya Chigwirizano, bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku, zonse zositidwa bwino ndi kukulungidwa m'pepala lapulasitiki. Ankadziwa kuti amayi a Chigwirizano amawaveka chiyani pa ulendo womaliza. Anaika botololo pambali pake, natseka chikwamacho.

Ananyamuka Lachinayi m'mawa, kunja kuli mitambo koma kosagwa kanthu. Yoswa anamanga chikwama kumbuyo, naika pilo pampando, namukweza mkazi wake ngati mtolo wa fodya wouma umene ukhoza kufumbutuka. Faines anafunda chitenje china, chobiriwira. Cha maluwa achikasu chija anachisiya pachingwe.

Atangotuluka m'mudzi, pomwe ngolo zinakumba njira, panali dzenje limene Yoswa ankalidziwa ngati dzina lake. Anachepetsa liwiro.

"Dzenje likubwera," anatero mokweza, kuti mawu apose injini.

Anamva manja a Faines akumugwira zolimba m'chiuno. Tayala linalowa, mutu wa njinga unatsika, n'kukwera pang'onopang'ono. Chitsulo sichinagunde.

"Zawawa?"

 "Zawawa," anatero Faines. "Koma pang'ono."

Aka kanali koyamba kuti amve mawu amenewa pamsewu, ndipo anamulasa mtima kuposa kukhala chete konse kwa miyezi itatu. Komabe anawalandira. Kuyambira pamenepo ankatchula chilichonse chimene chinali kutsogolo: dzenje, mwala, mchenga, matsitso. Anthu amene ankapita kuminda ndi makasu paphewa ankacheuka, kudabwa bambo amene akuyenda akuwerengera mkazi wake msewu.

Anadutsa kwa Nachisaka dzuwa lili pamutu koma losaoneka. Anapuma kawiri, kamodzi kuti Faines amwe mankhwala, kachiwiri chifukwa Faines anaona mayi akugulitsa masuku m'mbali mwa msewu ndipo anawalakalaka. Anadya limodzi lokha, nasunga njere zake m'manja osadziwa kuti azitani. Yoswa anagwada kuyang'ana mapaipi a kutsogolo monga mwa chizolowezi, kansanza kali m'manja. Anali ouma, ndipo anabweza kansanzako m'thumba.

Pamwamba pa chitunda chomaliza Faines anamugwira paphewa kuti aime. Kumunsi, kuseri kwa minda yogaulidwa kumene, kunkaoneka mudzi wa kwawo, nyumba zofolera ndi udzu ndi zina zamalata, ndi mtengo wa mango wa pakhomo pa amayi ake. Kumbuyo kwake phiri la Ntchisi linali litada bii ndi mvula, ndipo mphepo inkabweretsa fungo la dothi lonyowa. Pansi pa mangowo panali kamunthu kokalamba kovala zoyera, kataima osasuntha.

Faines anakonza duku wake, nawongola msana mmene akanathera, nakhala tsonga.

"Tiyeni," anatero. "Koma musathamange. Ndikufuna ndione bwino."

Yoswa anamasula buleki, njinga n'kuyamba kutsika. Dontho loyamba la mvula linagwa pa thanki, lachiwiri padzanja lake. Ankadziwa kuti msewu umenewu adzaukwera yekha pobwerera, ndipo maso ake anachita chidima moti anachedwa kuona pomwe madzi anadula njira patsogolo pawo.

"Dzenje," anatero.

Faines anatsamiritsa tsaya lake pamsana pake.

"Ndaliona kale," anatero.